Sakhwi Alowa M'nyumba ya Yotamu

Kamakinako kanalowetsa mphuno yake yaitali m'kontena yomwe Yotamu Kalilangwe ankatengeramo chakudya kuntchito. Kanakoka mpweya katatu, kenaka nyali ya pamsana pake inafiira kuti psuu.

"Iyi ituluke," kanatero ndi mawu aulemu ngati a munthu wolandira alendo pa ukwati.

"Ituluke ipite kuti?" anafunsa Yotamu. "Kontena imeneyi ndadyeramo zaka zisanu ndi ziwiri. Sinandidwalitsepo ngakhale chimfine."

"Inu simuli ndi pakati, bambo. Koma imatsukidwa pamodzi ndi mbale za amayi. Ituluke."

Tinenenji, mkazi wa Yotamu, anaseka atatsamira chitseko cha kukhitchini. M'zaka khumi ndi chimodzi za ukwati wawo, aka kanali koyamba kuona mwamuna wake akugonja pa mkangano asanamalize n'komwe kumwa tiyi.

Munali m'chaka cha 2069, m'tauni ya Ntcheu. Kamakinako kanali kakakulu ngati thadzi lonenepa, ka miyendo inayi yachitsulo, ndipo mphuno yake yowonda inkangogwedezeka nthawi zonse. Kuchipatala kanali ndi dzina lalitali la manambala, koma anthu ankangokatcha Sakhwi, pofanizira kanyama kam'tchire kamphuno yosongoka kaja. Achipatala ankabwereketsa Sakhwi kwa mayi aliyense amene magazi ake aonetsa kuti akuyembekezera mwana wamwamuna. Ntchito yake inali kununkhiza mankhwala otchedwa mafitaleti.

Dzulo lake kusikelo, namwino wamkulu, Mayi Chimbalanga, anali atawafotokozera awiriwo za mankhwalawa.

"Mukudziwa paipi ya madzi mmene imaumira gwaa," anatero. "Pulasitiki wa mtundu umenewo kuti afewe, azipindika, opanga amathiramo mafitaleti. Amawathiranso m'mafuta ena odzola kuti fungo likhalitse. Vuto lake, mankhwalawa sakhazikika pamene awaika. Kukatentha, kapena akakumana ndi mafuta, amatuluka n'kulowa m'chakudya, m'fumbi la m'nyumba, ngakhale pakhungu. Akalowa m'thupi la mayi, ena amakafika kwa mwana."

"Ndiye mwanayo amafewa?" Yotamu anafunsa maso atatuzuka.

"Mverani kaye, bambo. Kuyambira sabata lachisanu ndi chitatu mpaka lakhumi ndi chinayi, thupi la mwana wamwamuna limakhala likumanga ziwalo zake zachimuna. Wolamula ntchitoyo ndi homoni yachimuna, ngati kapitawo pa nyumba imene ikumangidwa. Mafitaleti akachuluka amatha kumutseka pakamwa kapitawoyo, amisiri n'kumangomanga mongoyerekeza. Mwana wina amabadwa timipira take tisanatsikire m'kathumba kake. Wina kabowo kokodzera kamapezeka pansi m'malo mokhala kunsonga. Wina amaoneka bwinobwino, koma akakula mbewu yake imapezeka yochepa."

Pa mawu omalizawo Yotamu anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zake ngati wangozigula kumene.

Panali chifukwa. Kwa zaka zisanu ndi zinayi zoyambirira za banja lawo mwana sanabwere, ndipo aliyense ankadziwa wolakwa. Wolakwa anali Tinenenji. Wodziwa kuposa onse anali aNangozo, amayi ake a Yotamu, omwe anakazinga tchipisi pa msika wa Lizulu kwa zaka makumi anayi, ndipo pakamwa pawo pankathetheka kuposa chiwaya chawo. Anamwetsa mpongozi wawoyo mizu yowawa ya mtundu uliwonse. Anapita naye kwa asing'anga mpaka kutsidya kwa malire. Chaka china anabwera ndi mtsikana wojintcha woti azithandiza ntchito za pakhomo, yemwe Tinenenji anamukweza basi tsiku lomwelo.

Kenaka Tinenenji anatopa. Anauza mwamuna wake kuti akapanda kupita naye kuchipatala, iye abwerera kwawo ku Balaka. Yotamu anapita atavala chipewa chofika m'maso. Zotsatira sizinachedwe. Tinenenji analibe vuto lililonse. Mbewu ya Yotamu ndiyo inali yochepa, ndipo yochepa yomweyo inkayenda ngati anthu ochokera kumanda.

Atatuluka panja Yotamu anagwira dzanja la mkazi wake.

"Tine, chonde. Amayi asamve. Kudepoti asamve. Adzati ndinagwa m'papaya."

Tinenenji anasunga chinsinsicho, ngakhale chinkamuotcha m'chifuwa. Madokotala anawathandiza ndi makina osankha mbewu, amene amasakasaka mpaka kupeza imodzi yochangamuka. Kawiri zinakanika. Kachitatu zinagwira. Tsopano mimba inali ya masabata asanu ndi awiri, ndipo awiriwo ankayenda m'nyumba ngati anyamula dzira pa supuni.

Atafika naye kunyumba, Sakhwi anafunsa funso limodzi asanayambe ntchito.

"Kodi nkhani za umoyo wa banja lino ndizizilankhula pamaso pa ndani?"

"Pamaso pa a m'banja," Yotamu anayankha akumanga nsapato, chifukwa anali akuthamangira kudepoti komwe ankayang'anira mabasi oyenda okha opanda dalaivala. Sanaganizirenso za yankho limenelo.

M'masiku atatu nyumba inatsala ngati mwalowa akuba. Sakhwi sankadana ndi pulasitiki yense ayi. Ndowa, makapu ndi mipando youma ya pakhonde anazidutsa nyali ili yobiriwira. Koma kapeti wa pabalaza anatuluka. Nsalu yamaluwa yonyezimira ya patebulo inatuluka, katani wa kubafa n'kuitsatira. Mafuta onunkhira a Yotamu, omwe iye ankati amamveka kuyambira pageti la depoti, anatuluka mabotolo onse anayi. Nkhondo yeniyeni inabuka pa sofa.

"Apa pokha ndakana," anatero Yotamu atatambasula manja kutsogolo kwa sofayo. "Wogulitsa anandilumbirira kuti ichi ndi chikopa cha ng'ombe."

Sakhwi ananunkhiza mwendo wa sofa, kenaka khushoni.

"Ng'ombe imeneyo inabadwira m'fakitale, bambo."

Madzulo a tsikulo Yotamu anaonera mpira atakhala pa kreti ya matabwa.

Kale mimba inkabisika mpaka itayamba kukweza chitenje. Koma m'masiku amenewo, mulu wa katundu pakhonde ndi kamphuno kosuzumira pakhomo zinkalengeza zonse mayi asanayambe n'komwe kulavula malovu. Nkhani inakafika ku Lizulu mofulumira kuposa mabasi a Yotamu.

Loweruka masana aNangozo anatulukira pageti atasenza chikwama. Kumbuyo kwawo kunali amayi awiri a kumpingo kwawo, wina wamtali wina wamfupi, omwe anabwera kudzathandiza kuyamika Mulungu ndi kudzaona ndi maso awo. Atakhala pa mipando ya pakhonde ndi kulonjerana, aNangozo anamasula chikwamacho.

"Apongozi, awa ndi mafuta oti muzidzola pamimba. Awa ndi masilipasi ofewa, poti mapazi ayamba kutupa posachedwapa. Ndipo uyu ndi tchipisi wa dzanja langa, akadali wotentha."

Sakhwi anatuluka m'nyumba, miyendo ikulira kuti tcheketetchekete. Ananunkhiza mafuta aja, nyali psuu. Masilipasi, psuu. Tchipisi anali atakulungidwa m'pepala lapulasitiki lomata, lomwe linali litafewa ndi kutentha.

"Zonse zitatu zituluke," anatero. "Tchipisiyo bambo atha kudyera kuseri kwa mpanda."

ANangozo anayang'ana Sakhwi kuyambira kumphuno mpaka kumiyendo.

"Kakhoswe kachitsulo aka ndi kamene kakulamula pakhomo pa mwana wanga?"

"Ndi achipatala anatibwereka, amayi," anatero Tinenenji modekha. "N'koteteza mwana."

"Kuteteza mwana kwa agogo ake? Zamkutu!" ANangozo anatembenukira anzawo aja ngati akulalikira. "Ine ndili ndi pakati pa Yotamu ameneyu, moto wa pachiwaya ndinkakolezera masilipasi akutha ndi zidutswa za mapaipi, m'mawa uliwonse. Utsi wake ndinkaupuma ngati mpweya wa m'phiri. Magolovesi apulasitiki ali m'manja tsiku lonse, mafuta akuwira, tchipisi ndikudyera pomwepo. Ndiye taonani chimene ndinabereka! Chimwamuna ngati thunthu la mbawa. Zaka khumi ndi chimodzi wakhala akulima pathanthwe osatopa, mpaka lero thanthwelo lagonja."

Tinenenji anaweramitsa mutu. Yotamu, yemwe ankatuluka ndi thireyi ya makapu, anaima pakhomo n'kuyamba kuthira shuga mosamala kwambiri. Nyali ya Sakhwi inaphethira kawiri.

"Pepani amayi, ndifunse kaye. Kodi amayi awiriwa ndi a m'banja?"

"Tonse ndife banja limodzi mwa Ambuye!" anayankha aNangozo monyada.

"Amen," anavomera amayi aja.

"Zikomo, ndalemba," anatero Sakhwi. "Zimene mwafotokozazi ndi zofunika kwambiri, chifukwa zinkasowa m'mbiri ya bambo Kalilangwe. Madokotala anasowa chomwe chinachititsa vuto lawo. Ndikonzeko pang'ono: thanthwe panalibe. Mayi Kalilangwe anapezeka opanda vuto lililonse. Mbewu ya bambo ndiyo..."

Thireyi inagwa. Yotamu analumpha makapu osweka, anagwira Sakhwi n'kumutembenuza chagada akufufuza batani lozimitsira. Batani panalibe, poti opanga makinawo ankawadziwa bwino amuna. Anatola ndowa yomwe inali pafupi, anamuvundikira nayo, iye n'kukhala pamwamba.

"...inapezeka yochepa ndi yaulesi," mawu anapitiriza m'kati mwa ndowa ngati ochokera m'chitsime. "Ndowa iyi ndi yabwino, ilibe mafitaleti."

Mayi wamtali uja anayang'ana kudenga. Wamfupiyo anakonza chitenje chake n'kukhazikika bwino pampando.

"Ndatsala ndi funso limodzi," inatero ndowa. "Bambo ali ndi chipsera m'munsi mwa mimba, chakumanzere. Iwo anauza dokotala kuti ndi mbuzi. Koma dokotala analemba kuti chikufanana ndi cha mpeni wa opaleshoni."

"Imeneyo ndi mbuzi!" Yotamu anakuwa, mtima utakhalako pansi poti apa pokha ankanena zoona. "Tonde wa amalume anandigunda ndili ndi zaka ziwiri. Ntcheu yense akudziwa. Amayi, kauzeni kachitsuloka."

ANangozo ankapinda ngodya ya chitenje chawo, kuipindanso, mpaka inachepa ngati njere ya chimanga.

"Amayi?"

"Kunalibe mbuzi," anatero motsitsa mawu. "Unabadwa kampira kamodzi kasanatsike. Ndinadikira chaka, kenaka chachiwiri. Adokotala anachita kukatsitsa ndi mpeni. Anandiuza kuti ukadzakula udzapimitse, mwina kubereka kudzavuta. Malemu bambo ako anati nkhani imeneyi ikatuluka, palibe adzakupatse mkazi. Ndiye tinasankha mbuzi."

"Munasankha mbuzi."

"Inali pafupi."

Yotamu anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Amayi, ine moyo wanga wonse ndakhala ndikudya kanyenya wa mbuzi mobwezera!"

Mayi wamfupi uja anaphulika ndi chiseko, n'kuyesa kuchisandutsa chifuwa. Tinenenji anaimirira.

"Amayi athu, zikomo potiyendera. Basi ya ku Lizulu inyamuka posachedwa."

Wamtali anachita kumukoka mnzake. Geti litatsekeka, Tinenenji anauza mwamuna wake kuti achoke pandowa, ndipo Sakhwi anatuluka akugwedeza mphuno.

"Ndiwonjezere mawu ochepa," anatero Sakhwi. "Sindingatsimikize kuti utsi uja ndiwo unachititsa. Ana ena amabadwa choncho popanda chifukwa chodziwika. Komanso nthawi imeneyo palibe anachenjeza amayi a pamsika. Agogo asadziimbe mlandu."

"Khala chete, Sakhwi," anatero Tinenenji. Mawu ake sanakwere, koma Yotamu anali asanawamvepo akulemera choncho. "Za utsi simunkadziwa, amayi. Pamenepo ndilibe nanu mlandu. Koma za mbuzi munkadziwa. Munkadziwa tsiku lija munandimwetsa mizu, ine n'kusanza masiku atatu. Munkadziwa pamene munanditchula chumba pa maliro a amalume, anthu akumva. Munkadziwa pobweretsa mtsikana uja m'nyumba mwanga."

Kenaka anatembenukira mwamuna wake.

"Inunso, aYotamu. Zaka ziwiri zathazi mwakhala mukudziwa. Lero lomwe mwamva akunditchula thanthwe, inu n'kumathira shuga."

Yotamu anawerama n'kuyamba kutola zidutswa za makapu osweka aja.

ANangozo anatsetsereka pampando n'kugwada pa simenti. Mayi amene anakuwira madalaivala a malole kwa zaka makumi anayi anali atachepa ngati mwana wa sukulu.

"Ndinkaopa, mwanawe. Ndinkati ndikamaloza iwe, palibe ayang'ane kwa mwana wanga. Nditalozaloza, ndinayamba kukhulupirira ndekha. Ndakulakwira."

Tinenenji sanawadzutse msanga. Analowa m'nyumba, anamwa madzi kapu yodzaza, anaima pawindo kwa kanthawi misozi ikutsika. Atapukuta m'maso anabwerera pakhonde.

"Dzukani, maondo anuwo ndi akale. Kukhululuka sindinakhululuke, ndisakunamizeni. Koma masabata akubwerawa ndikufuna munthu wondiphikira, chifukwa fungo la mafuta likundisanzitsa. Mukafuna, tsalani."

ANangozo anatsala. Ndipo monga amachitira munthu wotembenuka mtima atakalamba, anapyola muyeso. Pofika Lolemba, kakhoswe kachitsulo kaja kanali katasanduka adokotala. Popita kumsika ankamubereka Sakhwi kumbuyo ndi chitenje, mphuno itasuzumira paphewa. Nsomba, mafuta ophikira, mkaka, chilichonse ankayamba afunsa.

"Adokotala, apa tigule?"

Akapeza mayi wapakati akukolezera mbaula ndi silipasi, ankamulanda silipasiyo n'kumuphunzitsa mpaka makasitomala athawe. Yotamu naye sanapulumuke. Sakhwi anapeza kuti yunifolomu yake imatola fumbi la mipando yakale ya m'mabasi, choncho amayi ake ankamuimitsa pageti tsiku lililonse kuti akasinthire m'bafa la panja asanaponde pakhonde.

Koma chimene Yotamu ankaopa kwambiri chinali kudepoti. Ankadziwa kuti mayi wamfupi uja sanadikire n'komwe kufika ku Lizulu kuti ayambe kufalitsa nkhaniyo. Lolemba analowa pageti chipewa chili m'maso, akudikira woyamba kulira ngati mbuzi. Palibe analira. Amuna onse ankagwira ntchito mwakhama lodabwitsa, aliyense akupewa maso ake.

Masana akudya kuseri kwa basi yomwe inkatchajidwa, munthu anakhosomola pambali pake. Anali Lameki, makaniko wamkulu, chimunthu chandevu zofika pachifuwa, yemwe anasiya akazi awiri ponena kuti ndi osabereka.

"Akulu, zija zamveka," anatero Lameki akuyang'ana tayala.

Yotamu anaika supuni pansi. "Sekani msanga, mumalize, ndidye."

"Sindinabwerere zimenezo." Lameki anayang'ana uku ndi uku, kenaka anatsitsa mawu. "Khomo lake ndi liti kuchipatala kuja?"

"Khomo la chiyani?"

"Lopimitsa. Inenso ndili ndi chipsera. Malo omwewo. Ine anandiuza kuti ndi njinga."

"Munali ndi zaka zingati?"

"Chimodzi ndi theka."

"Ndiye munkapalasa njinga?"

Lameki anakanda ndevu kwa nthawi yaitali. "Ndi zimene zandisowetsa tulo kuyambira Loweruka."

Tsiku lotsatira anabwera wogulitsa matikiti, yemwe chipsera chake chinali cha waya waminga. Lachitatu kunabwera mphunzitsi wa sekondale amene sankakwera n'komwe mabasi, akuti analumidwa ndi nkhumba. Ena analibe chipsera chilichonse, koma anali ndi zaka zambiri m'banja mopanda mwana, ndiponso akazi omwe anatopa ndi mizu. Sabata lisanathe, Yotamu anali atamva za mbuzi zinanso ziwiri.

"Tine," anatero tsiku lina atabwera kunyumba ndi kusintha zovala, "zikuoneka kuti m'zaka zimenezo ziweto za kuno zinali zolusa kwambiri. Ndipo zonse zinkalunjika malo amodzi."

Tinenenji anayesetsa kuuma nkhope, poti anali asanamalize kukwiya. Koma chiseko chinamugonjetsa, anaseka mpaka kugwira pamimba, aNangozo n'kuthamanga kuchoka kukhitchini kudzafunsa ngati mwana ali bwino.

Vuto linali lakuti palibe mwamuna ankafuna kupita yekha. Choncho Lachinayi lililonse Yotamu ankapempha ola limodzi kuntchito n'kuperekeza awiri kapena atatu. Poyamba ankayenda motalikirana ngati sakudziwana. Atazolowera, Yotamu anasiya kuvala chipewa chija. Ankawafotokozera za kapitawo ndi amisiri ngati kuti fanizolo analipeka yekha, ndipo pomaliza ankawauza kuti chovuta kwambiri si khomo la kuchipatala ayi, koma khomo la kunyumba, pokapepesa.

Sabata lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi litakwana, achipatala anamutenga Sakhwi kuti akathandize banja lina. ANangozo anamuperekeza mpaka pageti la chipatala, ndipo pobwerera maso anali ofiira. Malamulo ake sanachoke naye. Sofa sanalowenso m'nyumba.

Mwana anabadwa Lachinayi m'mawa, dzuwa litangotuluka. Atamusambitsa, Mayi Chimbalanga anamugoneka pa katebulo kuti amuone bwino. Yotamu anaima kumutu kwa bedi atagwira dzanja la mkazi wake, thukuta lili kamukamu. ANangozo, omwe anauzidwa katatu kuti adikire panja, anali atalowa kale ndipo ankapukuta magalasi awo.

"Kulemera kuli bwino," anatero namwino. "Mtima uli bwino. Tsopano tione kunoku." Anamasula thewera, anakhudza mosamala. "Kamodzi. Kawiri. Tonse tatsika, tili m'malo mwake."

"Nanga kabowo?" aNangozo anafunsa akukankha chigongono cha namwino. "Tandipatsani mpata, ine maso anga ndi ofooka."

Anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza mwana. Mwanayo anatambasula timiyendo take, anakwinya nkhope, ndipo kamtsinje kowongoka ngati muvi kanakwera m'mwamba n'kukatera pa magalasi a agogo ake.

"Kunsonga!" anakuwa aNangozo, madzi akutsikira kuchibwano. "Akutulukira kunsonga! Anthuni, bwerani mudzaone!"

Anaimba nthungululu yoti ana onse a m'wodimo anadzuka n'kuyamba kulira.

Phokoso litatsika, Mayi Chimbalanga anamufunditsa mwana n'kumupereka kwa amayi ake.

"Musathamange kuyamika Sakhwi yekha," anatero. "Mwina mwanayu akanabadwa chonchi ngakhale popanda iye. Ife timangochepetsa ngozi. Zinazo mudzazidziwa akadzamera ndevu."

Tinenenji anayang'ana kankhope kofiirako kwa nthawi yaitali.

"Chilichonse chimene chidzapezeke, ameneyu tidzamuuza zoona," anatero. Kenaka anatukula maso kwa apongozi ake. "Amayi, kasambeni kumaso, mubwere mudzamunyamule mdzukulu wanu."

ANangozo anaima osasuntha. Anamvetsa kuti mawu amenewo anali aakulu kuposa mmene amamvekera. Anatuluka mwakachetechete, chinthu chomwe palibe anawaonapo akuchita.

Yotamu nayenso anatuluka kuti akaimbire abale foni. Atakhota pakona ya khonde la chipatala, anaima. Pa khomo lopimitsira amuna lija lomwe zaka zitatu zapitazo anapezapo benchi yopanda munthu, mzere wa amuna unayambira pachitseko, kudutsa pa malo olandirira mankhwala, mpaka kukathera pansi pa mtengo wa mango. Panali a masuti, a maovolosi, wina wa kolala yaubusa. Ambiri sankawadziwa n'komwe. Pa mabenchi a kutsidya kwake panakhala akazi awo, manja atapinda, ena akusenda mtedza mosafulumira ngati anthu amene adikira zaka zambiri ndipo ola limodzi silingawavute.

Lameki anali pakati pa mzerewo, atabweretsa mng'ono wake. Ataona Yotamu anakweza dzanja.

"Akulu! Zili bwanji m'katimo?"

"Mwamuna!" Yotamu anayankha. "Zonse zili m'malo mwake!"

Mzere wonse unaomba m'manja, ngakhale omwe sankadziwa chomwe akuombera.

Mayi Chimbalanga anadutsa pambali pake atanyamula mafayilo, akupukusa mutu.

"Mwatiputira ntchito, bambo Kalilangwe. Ife tinakonzekera amayi apakati. Tsopano akuti timange chipinda china, tilembe anamwino aamuna, tigule mabenchi. Dzulo wina wakomoka asanalowe n'komwe."

Yotamu anaseka, anaika foni m'thumba, n'kupita kukakhala pafupi ndi bambo wina wa kumapeto kwa mzere yemwe ankaoneka kuti watsala pang'ono kuthawa.

Amene anapanga Sakhwi ankafuna kuteteza ana aamuna asanabadwe. Palibe anawauza kuti ana aamuna ambiri ofunika kuwagwira dzanja anali atamera kale imvi.